Siketi yoyasama kumbuyo kwa chiuno: mmene ndinaikonzera

Kuno ku Mchinji anthu akangogulitsa mtedza ndi soya, zinkhoswe ndi maukwati zimatsatizana Loweruka lililonse. Chaka chatha mu July inali nthawi ya mng'ono wanga, ndipo ife akuchikazi tinapangana kuti pa chinkhoswe chake tidzavale chitenje chofanana. Mlamu wanga, amene amadutsa pa Mwami kukapikula katundu ku Chipata, ndiye anatibweretsera nsaluyo, yobiriwira, yamaluwa akuluakulu achikasu. Anzanga anapereka zawo kwa matelala a pa Kamwendo. Ine ndinati yanga ndisoka ndekha. Makina ndili nawo, a Butterfly opalasa ndi mapazi, ndipo mayunifolomu ndi madiresi a ana anga ndakhala ndikusoka ndekha kwa zaka zingapo.

Ndinkafuna siketi yowongoka, yogwira thupi, yopitirira mawondo, ya zipi kumbuyo. Nsalu ndinayamba ndaichapa kuti sitachi ichoke, paja chitenje chatsopano chimabwerera pang'ono chikalowa m'madzi. Ndinadziyeza ndekha: m'chiuno mainchesi 32, m'matako 43. Manambalawo ndinawagawa panayi monga ndinkachitira ndi zovala za ana, ndinadula, ndinaika dati (kampindo kosongoka kochepetsa nsalu m'chiuno) limodzi mbali iliyonse kutsogolo ndi kumbuyo, ndinalumikiza zipi ndi lamba. Pagalasi kutsogolo zonse zinali bwinobwino, maluwa atakhala pamalo pake.

Amene anaona vuto ndi mwana wanga wamkazi. Anati, "Amayi, kumbuyoku kwatseguka." Nditapisa dzanja pakati pa lamba ndi msana, chibakera chonse chinalowa. Lambayo sankakhudza thupi, anangoima payekha ngati kukamwa kwa thumba. Mmunsi mwake nsalu inali itaunjikana, makwinya awiri opingasa kuchokera mbali ina kufika mbali ina.

Wina anganene kuti ndi nkhani yaing'ono, bulauzi ibisa. Koma mayi aliyense amene anakwerapo kabaza atavala siketi yotere akudziwa mmene mtima umakhalira. Ukakhala pansi mpata uja umakula, ukawerama kuti unyamule mwana zamkati zimaonekera, ndipo kwa ife ovala mikanda m'chiuno zimenezo si zoti anthu a pamsewu aziona. Umangokhalira kukoka bulauzi tsiku lonse. Pa chinkhoswe pamene pali kugwada, kuvina ndi kuwerama pofupa, sindikanatha kupirira zimenezo.

Chimene ndinachita poyamba ndi chimene ambiri timathamangira: kubweza m'mbali. Ndinamasula lamba pang'ono, ndinalowetsa misoko ya m'mbali theka la inchi uku ndi uku, ndinasokanso. Mpata unachepa ndithu, koma siketi inayamba kundithina pamimba, misoko ya m'mbali inapendekeka m'malo motsika mowongoka, ndipo makwinya akumbuyo aja anali pomwepo. Ndinali nditachotsa nsalu kutsogolo kumene kunalibe mlandu. Mwayi wake sindinadule kanthu, ndinangosoka, choncho ndinamasulanso ndi lezala n'kubwerera pamene ndinayambira. Apa ndinene msanga kwa aliyense amene akukonza chovala: sizasi isayandikire nsalu mpaka mutayesa kuvala kawiri kapena katatu. Ulusi umamasulika, koma chodulidwa sichibwerera.

Lachitatu lake ndinakwera minibasi kupita kwa azakhali anga ku Waliranji. Iwowa anaphunzira kusoka kalekale m'magulu a amayi a zapakhomo, ndipo ngakhale maso ayamba kuvuta moti singano amawalowetsera ulusi ndi adzukulu, manja awo amadziwabe nsalu. Ndinawafotokozera kuti mwina thupi langa ndi lovuta kulisokera, chifukwa ngakhale masiketi a pakaunjika amandichita zomwezo: ikakwana m'matako, m'chiuno imakhwepa.

Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwanawe, thupi lovuta kulibe. Wasokera munthu wa papepala. Tavala tione."

Tinalowa kuchipinda. Anandiuza kuti ndivale siketiyo pamwamba pa zamkati zomwe ndidzavale tsikulo, chitenje ndi juzi ndichotse. Kenaka anatenga kachingwe, kansalu kong'ambidwa m'mphepete mwa chitenje chakale, n'kundimanga m'chiuno pamwamba pa siketi, osathinitsa. Anati ndiwerame kumanja, kumanzere, ndikhale pampando, ndiimirire. Kachingweko kanayenda kokha mpaka kanakhazikika pamene thupi limapindikira. "Chiuno chako ndi chimenechi," anatero. Atayeza pomwepo anapeza 30, osati 32. Podziyeza ndekha tepi inkatsetsereka kumbuyo n'kukagwira pamene matako ayambira, ine osaona.

Chachiwiri ndi chimene chinanditsegula maso. Anayeza kutsogolo pakokha, kuchokera pa msoko wa mbali ina kudutsa pamimba kufika pa msoko winawo: 16. Kumbuyo pakokha: 14. Ine ndinali nditadula 16 kutsogolo, 16 kumbuyo. Ndiye kuti kutsogolo kunali kolondola mwangozi, ndipo mainchesi 2 onse owonjezera anali kumbuyo. N'chifukwa chake kubweza m'mbali kunandithinitsa pamimba. Ana aang'ono matupi awo ndi ofanana kutsogolo ndi kumbuyo, kugawa panayi kumatheka. Mayi amene wabereka, kamimba kali kutsogolo, msana wolowa mkati, mbina ili apo, sangagawidwe panayi mofanana.

Azakhali anati zolakwika zinali ziwiri, ndipo aliyense amene siketi yake ikuvuta kumbuyo ayenera kuzisiyanitsa asanagwire singano. China ndi kukula kwa m'chiuno mwa siketi, kumene kumachititsa lamba kuyasama. China ndi kutalika kwa nsalu pakati pa msana, kumene kumabweretsa makwinya opingasa. Munthu wa msana wolowa mkati, mtunda wochokera m'chiuno kufika pamene matako atumphukira umakhala waufupi pakati kusiyana ndi mmene nsalu yodulidwa mowongoka imayembekezera. Nsalu yotsalayo imasowa kopita, ndiye imadzipinda mmunsi mwa lamba.

Asanakhudze makwinyawo anachita kaye chinthu china chimene ndikufuna muchigwire bwino. Anatsina nsalu m'mbali mwa matako kuti aone ngati pali mpata. Inatsinika pafupifupi inchi imodzi. Anayang'ananso mpendero ngati uli wolingana kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo unali wolingana. Anati makwinya opingasa amabweranso siketi ikathina m'matako, chifukwa imakwera m'mwamba kufunafuna pamene thupi lachepa. Zikakhala choncho mankhwala ake ndi kumasula misoko ya m'mbali, osati kudula pamwamba. Ukadula pamwamba siketi yothina, imakwerabe, ndipo kumbuyo kumafupika mpaka kalekale.

Atatsimikiza kuti yanga sinali yothina, anatsina makwinya aja pakati pa msana n'kuwasandutsa mpindo umodzi, anabaya pini, n'kumapita nawo cham'mbali mpindowo ukucheperachepera mpaka unathera pa misoko ya m'mbali. Nsalu yonse imene inalowa mu mpindowo pakati inali makota atatu a inchi. Nthawi yomweyo kumbuyo kunasalala ngati asita. Anatenga kachidutswa ka sopo wotha n'kulemba mzere pansi penipeni pa kachingwe kaja, kuzungulira kumbuyo konse. Sopo amalemba bwino pa nsalu yakuda kapena yobiriwira, ndipo amachoka ndi madzi. Nditavula siketi ndinaona kuti mzerewo sunali wowongoka, unali wolowa pansi pakati ngati mwezi wongooneka kumene.

Zimenezi simungazichite nokha. Mukapotoloka kuti muone kumbuyo pagalasi, thupi limapindika ndipo makwinya amasintha malo. Pezani mnzanu, mng'ono wanu, ngakhale mwana wamkulu, inu muime mowongoka mmene mumaimira masiku onse, osakoka mimba mkati. Ngati muli ndi foni, akujambuleni kumbuyo ndi cham'mbali kuti muone nokha zomwe iwo akuona.

Ndinabwerera ku Kamwendo ndi siketi yodzaza mapini. Mawa lake ndinamasula lamba kumbuyo konse, kupitirira pang'ono misoko ya m'mbali, kutsogolo ndinasiya. Pomasula ndi lezala muzikoka nsalu ziwirizo kuti ulusi uonekere, lezala lizikhudza ulusi wokha. Chitenje chikangochekeka pang'ono pamsoko, bowolo limakula pochapa.

Azakhali anandichenjeza kuti ndiyambe ndi kutalika, madati abwere pambuyo, ndipo chifukwa chake ndinachimvetsa ndili pamakina. Ukatsitsa mzere wa chiuno, umafika pamene siketi yayamba kale kutambasuka, ndiye m'chiuno mumakulirako. Ukayamba ndi madati, udzawabwerezanso. Choncho mzere wa sopo uja ndinautenga kukhala msoko watsopano wa lamba, ndinasiya theka la inchi pamwamba pake, koma panthawiyi sindinadule.

Tsono madati. Dati ndi kampindo kosongoka kamene kamachotsa nsalu m'chiuno n'kuisiya m'matako. Anga oyamba anali a inchi imodzi m'lifupi, mainchesi 4 m'litali. Pofuna kuchotsa mainchesi 2 owonjezera aja, mbali iliyonse inafunika kumeza inchi ina imodzi. Ine pofulumira ndinangokulitsa dati lomwe lija kuti limeze mainchesi 2 lokha. Nditavala, lamba anagona, koma kumapeto kwa dati lililonse kunatuluka kansonga kotukuka, kooneka patali. Dati lalikulu koma lalifupi limathera mwadzidzidzi, nsalu imasowa mpata woti igone pang'onopang'ono. Ndinawaimbira azakhali, iwo anati, "Katundu wolemera amagawana anthu awiri. Ika awiri mbali iliyonse."

Ndinachita motero. Dati loyandikira zipi ndinalipatsa inchi imodzi ndi kota, kutalika mainchesi 5 ndi theka. Lachiwiri, cha kumbali, makota atatu a inchi, kutalika mainchesi 4 ndi theka. Pakati pa awiriwo ndinasiya mpata woposa inchi pang'ono. Kumbukirani kuti dati limasokedwa nsalu itapindidwa pawiri, ndiye dati lomeza inchi imodzi mumalisoka theka la inchi kuchokera pa mpindo. Nsonga yake izithera pafupifupi inchi imodzi musanafike pamene matako atumphuka kwambiri, isakwere pamwamba penipeni. Manambala awa ndi a thupi langa, inu anu adzasiyana, koma kachitidwe kake ndi komweko.

Kusoka kwake kulinso ndi luso lake. Yambirani kumwamba kotambalala kutsikira kunsonga. Mukamayandikira kunsonga chepetsani liwiro, gudumu muzilizunguza ndi dzanja, misoko itatu kapena inayi yomaliza iyende m'mphepete penipeni mwa mpindo mpaka singano ituluke yokha pansalu. Musabwerere m'mbuyo ndi makina pansongapo, pamachita kachotupa. Siyani ulusi wautali, mumange mfundo ndi manja. Posita, madati akumbuyo amagonekedwa kuloza kuzipi. Ine ndinapinda thaulo mobulungira n'kuika pansi pake kuti nsalu itenge maonekedwe a thupi, ndipo popeza magetsi anali atazima ndinagwiritsa simbi yamakala, nditayala kansalu konyowa pamwamba kuti phulusa lisadetse maluwa.

Pali chifukwa china chimene ndinasankhira madati m'malo mobweza pa msoko wapakati. Pamenepo pali zipi, ndipo kuichotsa n'kuibwezeretsa ndi ntchito yotopetsa. Komanso duwa lalikulu lachikasu ndinali nditalilumikiza bwino pakatipo, theka uku theka uku, ndipo kubweza pamenepo kukanalidula mutu. Ngati siketi yanu zipi ili kumbali ndipo nsalu ilibe maluwa olumikiza, mutha kugawa: pang'ono pa msoko wapakati, pang'ono m'madati.

Madati atatha ndinagwirizira lamba ndi misoko yamanja italiitali, ya ulusi woyera kuti uzioneka pomasula, motsata mzere wa sopo. Ndinavala, ndinakhala pa mpando, ndinakhala pamphasa, ndinagwada, ndinawerama ngati ndikutola kanthu. Mwana wanga ankayang'ana kumbuyo n'kumandiuza. Nditakhutira m'pamene ndinatenga sizasi n'kudula nsalu yotsala pamwamba paja.

Podula pamenepa samalani ndi zipi, chifukwa nayo mutu wake umadulidwa nawo. Tsitsani kaye kotsegulira kaja kafike pansi. Mukadula kali pamwamba, kapena mukakakoka lamba asanasokedwe, kamavuka n'kutsala m'manja, ndipo kukabwezera ndi chintchito. Ine nditadula ndinasoka ndi manja kangapo pamwamba pa mano a mbali iliyonse kuti pakhale poimira. Yanga inali zipi yapulasitiki, singano ya makina inadutsa bwinobwino ndikuzunguza gudumu ndi dzanja. Ikakhala yachitsulo muyenera kuzula mano angapo ndi pulayala pamene msoko udutse, apo ayi singano ithyoka.

Lamba naye anafunika kufupika ndi mainchesi 2, imodzi mbali iliyonse ya zipi. Bowo la batani linapita ndi kudulako, ndiye ndinaika kahuku kachitsulo kamene amaika pa mathalauzi, ndipo ndaona kuti kamagwira bwino kuposa batani. Koma panatsala kanthu kena. Lamba wanga anali wa mainchesi 2 m'lifupi, wodulidwa mowongoka, wolimbitsidwa mkati. Mmunsi anagwira thupi, koma m'mphepete mwa pamwamba munkaimabe patali pang'ono ndi msana, poti thupi limapitiriza kuchepa chokwera pamene lamba wowongoka sachepa. Ndinamasula yense n'kumuchepetsa kufika pa inchi imodzi ndi kota, ndipo anagona. Amene mumakonda lamba wamkulu, dulani wokhota, wa zidutswa zolumikiza m'mbali, kuti pamwamba pakhale pochepa kuposa pansi. Amadya nsalu yambiri, ndipo pa chitenje cha mamita awiri muyenera kumuganizira musanayambe kudula, osati pomaliza.

Ena amangolowetsa lasitiki mu lamba wakumbuyo yekha, kutsogolo kuli kosalala. Njira imeneyi sindiinyoza. Pa siketi yotambalala, ya mayi woyamwitsa amene thupi likusinthasintha, kapena ya mtsikana amene akukula, ndi yabwino kwambiri ndipo ndi yachangu. Koma pa siketi yowongoka ya chitenje cholimba, lasitiki amasonkhanitsa nsalu pamsana n'kupanga kamtolo, ndipo makwinya a kutalika aja sawachotsa. Ya pa mwambo ine ndingasankhe madati nthawi zonse.

Chinthu chimodzi chimandipweteka mtima ndikaganiza. Amayi ambiri amatenga chovala kwa osoka chili choyasama chonchi, akadandaula amauzidwa kuti ndi mmene thupi lawo lilili, n'kubwerera kunyumba kukamanga ndi pini kapena kukulunga chitenje pamwamba pa siketi imene alipira ndalama zawo. Osoka ambiri ntchito amaidziwa, koma nyengo ya zinkhoswe amakhala ndi mulu wa nsalu, ndipo ambiri ndi abambo amene mwaulemu sangamagwiregwire mayi kumbuyo kuti abaye mapini. Ndiye ngati mukukasoketsa, pitani ndi mnzanu wamkazi. Muyezane kunyumba ndi kachingwe, mupereke manambala awiri, lakutsogolo ndi lakumbuyo, ndipo mupemphe kudzayesa lamba asanamalizidwe. Wosoka wabwino sakana zimenezo.

Siketi ija inatha Lachisanu usiku, chinkhoswe chili mawa. Ndisanabwezere lamba komaliza ndinayala mbali yakumbuyo pa pepala la khaki n'kujambula mzere wokhota uja pamodzi ndi malo a madati anayi, ndipo pepalalo ndinalipachika pa msomali pafupi ndi makina. Masiketi awiri amene ndasoka kuchokera pamenepo ndadulira pomwepo, sindinamasulenso kanthu. Pa chinkhoswe ndinagwada popereka moni kwa akuchimuna, ndinavina pofupa, ndinathandiza kunyamula mapoto, dzanja langa silinapite kumbuyo ngakhale kamodzi.

Patapita masabata awiri mlamu wanga uja anabwera ndi siketi yake ya nsalu yomweyo. Anati, "Alamu, yanganso ili ndi makwinya kumbuyo, mundidulireko ngati yanu ija." Ndinamuveka, ndinamumanga kachingwe, ndinayesa kutsina m'mbali mwa matako. Nsalu sinatsinike ngakhale pang'ono, ndipo mpendero wakumbuyo unali utakwera kuposa wakutsogolo. Sizasi ndinaibwezera m'kabati. Tinatembenuza siketiyo, tinapeza kuti wosoka anasiya nsalu yokwanira mkati, ndipo tinamasula misoko ya m'mbali kota ya inchi uku ndi uku kuyambira mmunsi mwa lamba mpaka kumpendero. Atavalanso, siketi inatsika yokha n'kukhala pamalo pake, makwinya osaonekanso.